Chiwaya Chamabowo Awiri

Ndikukumbukira chaka chimene nkhondo inanditsekera ku Chimbonila. Ndinali mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo makolo ananditumiza kwa azakhali kukakumba mbatatesi sabata imodzi yokha. Kenaka mfuti zinayamba kumveka pafupi, magalimoto anasiya kudutsa, sabata ija n'kusanduka miyezi iwiri. Tinkadya chakudya mitolo ya katundu ili chimangire pakhomo.

Kwathu ku Chiuaula, m'tauni ya Lichinga, galimoto inalipo, kapikapu kokalamba kamene Mpwitikizi wina anawasiyira atate pochoka. Koma kanatha chaka kali panjerwa, nkhuku zikuikiramo mazira. Matayala akumbuyo anaperepeseka mpaka mawaya kuonekera, ndipo m'Lichinga monse tayala linkasowa kuposa sopo. Ndinkadziwa zonsezi, komabe ndinawakwiyira makolo anga, sindibisa. Mumtima ndinkati andiiwala.

Tsiku lina masana tinamva injini, tonse liwiro kukabisala m'chimanga. Ine ndinaima panjira, poti chifuwa cha injiniyo ndinkachidziwa. Kanali kapikapu kathu, kakubwera katatukula mbuyo ngati nkhuku yojompha madeya. Kumbuyoko kanavala mawilo akuluakulu a jipi, otulukira kunja kwa bodi.

Pobwerera atate anandifotokozera. Mawilowo anawazula pa jipi ina yophwanyika, koma anali a mabowo asanu ndi limodzi, pamene kapikapu kanali ndi mabawuti asanu. Panafunika zitsulo ziwiri zozungulira zoika pakati, zoboola mogwirizana ndi uku ndi uko. Tinkaima pafupipafupi, atate n'kutsika ndi sipanala kukakhwimitsa manati, maso ali kutchire, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira.

"Ababa, mashapa achitsulo amenewa mwawapeza kuti?" ndinafunsa.

"Ukafunse amako," anatero, osandiyang'ana.

Nditafika kunyumba, chinthu choyamba chimene ndinachisowa ndi fungo la mikate. Amayi ankawotcha mikate yogulitsa pa chiwaya chachikulu chokhuthala, ndipo chiwayacho ndicho chinkatidyetsa tonse. Ukangochigogoda ndi supuni, khutu linkapotokoledwa. Ndinachipeza chitatsamira khoma la khitchini, chili ndi mabowo awiri aakulu oti mutu wanga n'kulowa. Mkulu wanga Awetu anandinong'oneza kuti amayi anachisenza okha kupita nacho kwa wowotcherera zitsulo, atate akukanakana.

Manyazi anandigwira chifukwa cha mkwiyo wanga uja. "Amayi, nanga tizidya chiyani?"

"Khala pansi apa iwe, ndikuone nsabwe," anatero, n'kundikokera pamiyendo pawo. Zala zawo zinayamba kufufuza m'tsitsi langa.

Masiku ano zitsulo zoterezi zimagulitsidwa m'sitolo, zonyezimira, zoboolaboola kale. Mwana wanga anaikitsa pagalimoto yake kuti ingooneka bwino, ndipo sindimudzudzula. Koma chiwaya chija ndikadali nacho. Adzukulu akandiseka kuti ndikusungiranji chitsulo chobooka, ndimawauza kuti n'chimene ndinakwera pobwera kwathu.