Agogo Ankaimba Lachinayi

Kunyumba yosamalira okalamba ku Braunstone, m'dziko la azungu, komwe ndinkagwira ntchito, Lachinayi masana tinkaonetsa mafilimu amakedzana, aja opanda mawu, anthu ake oyenda ngati aponda pamoto. Ina, yaifupi, yomwe tinkaionetsa sabata iliyonse, inali ya bambo wa chipewa chachitali amene akufunsira mkazi n'kugwera m'beseni la madzi. Akuti anaipanga potsata nyimbo yotchuka ya nthawi imeneyo, moti oonera ankaimba okha.

Ine ndinkakankha agogo ena achizungu pa njinga ya olumala kupita nawo kokaonera. Sitiroko inawalanda mawu, zaka ziwiri osatulutsa ngakhale moni. Koma bambo uja akangovula chipewa, agogo ankayamba kuimba chapansipansi, mawu onse bwinobwino, mpaka filimu kutha. Ndinkamva ndine ndekha, poti ndinkakhala pafupi kuwapukuta malovu.

Mwana wawo wamkazi ankabwera Lamlungu kuchokera ku Corby. Mayi ameneyu ndinkadana naye, sindibisa. Anakandinenera kwa manijala kuti ine ndi mnzanga tinkalankhula Chichewa posambitsa amayi ake, ati mwina tinkawajeda. Chonsecho tinkakambirana za mabasi. Ndinasaina kalata ya chenjezo ndili ndi ukali.

Lamlungu lina anandipeza ndikupesa agogo. Anagwira dzanja la amayi ake, misozi ikulengeza, n'kutembenukira kwa ine.

"Ndikanangomva mawu awo kamodzi kokha. Mukakhala nawo satulutsako mawu?"

"Ayi," ndinatero, n'kupitiriza kupesa.

Nditamuuza mnzanga uja pa buleki, anagwira pakamwa.

"Asisi, muuzeni abwere pa Thursday. Akhoza kubukitsa day off. Zimenezi si zabwino."

"Andilipotenso kuti ndikuwaimbitsa? Asiyeni."

Agogo anamwalira m'nyengo yozizira. Patatha sabata mayi uja anabwera kudzatenga zovala m'matumba akuda. Anali atafooka, ndipo anandigwira chanza n'kundithokoza. Ndikanatha kungokhala chete, iye n'kupita ndi mtendere. Koma mtima wanga unali usanakhute.

"Amayi anu ankaimba," ndinamuuza. "Lachinayi lililonse, nthawi ya filimu. Anali ndi mawu okoma zedi."

Anakhala pa bedi la amayi ake lopanda zofunda. Ndinkayembekezera kuti akalipa, athamangirenso kwa manijala, ndipo ndinali wokonzeka. Sanatero. Anandiyang'ana ngati mwana wopempha chakudya pakhomo la eni.

"Inali nyimbo yanji? Chonde, tandiimbireniko pang'ono."

Nyimboyo ndinkaidziwa yonse, ngakhale malo amene agogo ankapumira. Mpaka lero imandibwerera ndikamatsuka mbale, ndipo manyazi amandigwira. Koma tsiku limenelo ndinamva kukoma.

"Ndaiwala," ndinatero, n'kumunyamulira thumba limodzi kupita ku galimoto.