Rauta Yoyang'ana Kutsidya

Ndinagwira ntchito zaka zitatu yotayipa mapepala a katundu mu kaofesi kena ka maejenti oombola katundu pa Songwe, pamtsinje wa m'malire athu ndi Tanzania. Sukulu ya makompyuta sindinapiteko. Zimene ndikudziwa za rauta, kabokosi kotipatsa intaneti, ndinaziphunzira pongoiyang'ana, chifukwa inkakhala pashelefu moyang'anizana ndi desiki yanga, tinyali take tinayi tikuphethira tsiku lonse. Koyamba kanali ka moto, kachiwiri ka simu khadi, kachitatu ka netiweki, komaliza ka wayifayi. Magetsi akathima batire yake inkalira ngati mwanapiye, ndipo ndinkadziwa kuti ndiyenera kufulumira.

Lolemba lina, dzuwa likuswa mtengo, ndinafika mochedwa chifukwa ndinayamba ndapita ndi mwana kuchipatala. Ndinapeza intaneti itafa kuyambira m'mawa. Pabenchi panali mayi wina wamalonda wa ku Mangochi, lole yake yodzaza nthochi itaima panja kudikira mapepala. Nthochi pa kutentha kwa Karonga sizidikira munthu. Zapamwamba zinali zitayamba kupsa, ndipo mayiyo ankangotuluka, kukasuzumira pansi pa tenti, n'kubwerera kudzakhala atagwira tsaya.

Bwana wathu, bambo wokonda kulamula, anali atazimitsa ndi kuyatsa rautayo kambirimbiri. Kenaka anaimbira katswiri wa kuboma, yemwe anati afika mawa.

"Mawa?" anatero mayi uja. "Mawa ndikagulitsa phala, bwana."

Ndinayang'ana pashelefu, rauta palibe. Inali pawindo la kumbuyo, loyang'ana kumtsinje. Bwana anaisamutsa Loweruka nditaweruka, ati izipitidwa mphepo chifukwa imatentha. Ndinaiyandikira. Tinyali titatu tinali tobiriwira bwinobwino. Ka netiweki kokha ndiko kankabiriwira pang'ono, kenaka n'kufiira psuu.

Inetu ndinakulira pamalo pano. Ndikangotsikira kumtsinje, foni yanga imandilandira ku Tanzania ndisanawoloke n'komwe.

"Bwana, rautayi sinafe," ndinatero. "Pawindopa ikugwira netiweki ya kutsidya, ndiye simu yathu kumeneko sakuidziwa."

"Mama, imwe ingotayipani waka mapepala," anayankha osandiyang'ana. "Izi ni za mainjiniya."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Zaka zonsezi chinthucho ndimachipukuta fumbi ndine, lero ndikhale wosachidziwa? Ndinazula rautayo, ndinakwera pampando chitenje ndatsina, n'kuikoleka pamsomali wa kalendala, kukhoma la mbali ya kwathu kuno. Ndinawerenga mpaka makumi atatu ndisanaiyatse. Tonse m'chipindamo maso anali pamenepo. Ka moto kanayaka, ka simu kanatsatira. Kachitatu kanaphethira, kuphethiranso, kenaka kanabiriwira n'kukhazikika.

Sindinadikire wondiyamikira. Ndinakhala pa kompyuta n'kutumiza mapepala a nthochi zija, zala zikuthamanga zokha. Dzuwa lisanapendeke loleyo inaloledwa kupita, dalaivala akuliza kale injini.

Bwana anaimbiranso katswiri uja. "Basi musasuzgike, takonza tekha."

Mayi wa nthochi anali atafika kale pakhomo. Anatembenuka.

"Mwakonza ndi ndani, bwana? Ine maso ndili nawo."

Mayiyo anabwerera mpaka padesiki panga, nandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, pamaso pa bwana ndi maejenti a maofesi oyandikana omwe anadzaonerera.

"Achemwali," anatero, "mwezi uno ana anga adya chifukwa cha inu."