Kachingwe ka Mano Ang'onoang'ono

Mchemwali wanga anamwalira mwana wake wamkazi akadali pabere. Zithunzi zake zamapepala zinali m'sutikesi ya amayi kwathu ku Nselema, koma chiswe chinazidya chaka chimene denga linkadontha. Foni yake anapita nayo mwamuna wake ku Joni, ndipo mwamunayo sitinamumvenso. Mwanayo anakulira m'manja mwa agogo ake osadziwa nkhope ya mayi ake, mpaka anayamba kufunsa mafunso opweteka: anali wamtali? Ankaseka bwanji?

Nkhopeyo inatsala malo amodzi okha. Ndili ku koleji ya zauphunzitsi ndinali ndi laputopu yakaunjika, ndipo ndinasungamo zithunzi za ukwati wake ndi kakanema kamene akusenda chinangwa uku akundinyoza kuti sindidzakwatira. Laputopuyo inafa kalekale, koma ndinachotsamo hadi disiki yake, kabokosi kachitsulo kokwana m'thumba la malaya, kamene kamasunga zonse. Mnzanga wina wodziwa makompyuta anandiuza kuti pakungofunika adaputala, kachingwe kolumikiza kabokosiko ndi kompyuta yamoyo. Anandichenjezanso kuti ndisamayende nako pakabaza, sikafuna kugwedezeka. Ndinakakulunga m'mpango n'kuwasiyira amayi. Ine ndimaphunzitsa ku Balaka, kwathu ndimapita sukulu ikatsekera.

Adaputala yoyamba ndinaigula pa Liwonde, kwa wogulitsa amene analumbira kuti yakeyo imalowa paliponse. Anthu ogulitsa zingwe sadziwa kunena kuti sindikudziwa. Nditafika kwathu ndinapeza kuti pakamwa pake m'pophwatalala, pamene kabokosi kanga kali ndi mizere iwiri ya mapini ngati mano a chipeso. Yachiwiri ndinaigula ku Balaka nditaonetsa chithunzi cha mapiniwo pafoni. Inali ndi mabowo, inde, koma otalikirana, a hadi disiki zazikulu za kompyuta zapatebulo. Ndinayesa uku, ndinayesa uko, mwanayo ataima pakhomo kundiyang'ana. Ndinachita manyazi kwambiri.

"Amjomba, lero yakananso?" anafunsa, kundiitana monga timaitanira amalume kwathu.

Ndinamulonjeza kuti ulendo wotsatira awaona mayi ake. Amayi ankangoyang'ana zingwe zangazo monga amayang'anira munthu wolima mokhota.

Kenako mwini kasitolo kena ku Balaka anandiuza zoona: zamtundu wangawu zinatha kalekale, aliyense anasamukira ku zatsopano. Anati afunsa ku Limbe. Ndinayendera kukasitoloko mpaka anyamata a m'sitolomo anayamba kunditchula bambo a mano ang'onoang'ono. Teremu yonse inatha. Tsiku limene adaputalayo inabwera ndinaiwerenga mabowo, ndinaiyerekeza ndi chithunzi, n'kuimbira amayi kuti tsopano basi, ndikubwera nayo.

Nditafika, amayi ananditulutsira mpango uja akumwetulira, ngati munthu amene wandipeputsira ntchito. Ndinaumasula. Tizomangira ta chivindikiro tinali tokalikakalika, kena kanasowa, ndipo m'mbali anamata ndi selotepi.

"Amayi, wakhudza ndani?"

"Iyayi, usakalipe mwanangu," anatero amayi. "Ndimaona ukuvutika ndi zingwe, mwana naye akulira. Ndinati ngati zithunzizo zili m'katimo, bwanji osangotsegula n'kuzitulutsa? Ndinapita nako kwa bambo aja okonza mawailesi pamsika."

"Ndiye anatsegula?"

"Anatsegula. Muli kambale konyezimira basi. Akuti anangoona nkhope yawo yomwe. Anakapukuta bwinobwino ndi nsalu kuti mwina zioneka, koma ayi ndithu."

Mnzanga uja anali atandiuza kuti kambale kameneko sikafuna ngakhale fumbi, kakakhudzidwa zonse zapita. Ndinafuna kukuwa. Ndinafuna kupita pamsika kukagubuduza tebulo la bamboyo pamodzi ndi mawailesi ake akufa. Koma ndikanakalipira ndani? Amayi anaika mwana wawo m'manda, ndipo iwonso ankafuna kumuona. Madzi akatayika saoleka. Ndinangokhala pansi pakhonde, adaputala yanga yolondola ili m'manja.

Ndinalumikizabe. Inalowa bwinobwino, mosakakamiza, pini lililonse m'bowo lake, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukana kwa ziwiri zija. Kanyali kanayaka. Kabokosi kanalira pang'ono, kenako kanayamba kugogoda, ke, ke, ke, n'kusiya. Pa kompyuta yobwereka kusukulu sipanaoneke kanthu. Ndinazula, ndinabwezera, ndinapemphera, ndinazulanso. Amayi anafunsa ngati kugogodako n'chizindikiro chabwino, ine ndinangolumikizanso.

Anthu amandiuza kuti kunja kuli akatswiri amene amatsegula zinthu zotere m'zipinda zopanda fumbi. Mwina alikodi. Mphunzitsi wa pulayimale sangafikeko, ndipo mnzanga uja atamva za nsalu ija anangopukusa mutu. Adaputalayo ndikadali nayo m'kabati, ikugwira ntchito bwino, palibe choti ndilumikizeko. Chimene chimandiopsa tsopano n'chakuti nanenso nkhope ya mchemwali wanga ikundithawa. Ndikatseka maso ndimaona manja osenda chinangwa, pamwamba pake palibe.

Tsiku lija sindinaone nthawi imene mwanayo anatulukira m'nyumba. Nditadzutsa mutu ndinamupeza ataima pambali panga, atasamba, atadzola, atavala diresi yake ya pa Idi ndi mpango woyera kumutu, kuti mayi ake amupeze ali bwino. Anamvetsera kugogoda kuja kwa kanthawi, n'kundiyang'ana.

"Amjomba," anatero, "ndikavule?"