Chaka Chimene Wayilesi Inaba Mawu a Mayi Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinamva mayi anga akunena pawayilesi zimene sanatanthauze. Tinkakhala kumapiri a Ntchisi, kumudzi kumene mvula ikayamba msewu unkasanduka phala, ndipo kamlatho kamitengo ka pamtsinje wathu kankakokoloka chaka ndi chaka. Dzinja limenelo mlongo wanga Yohane, amene anali asanasiye kuyamwa, anadwala malungo. Mayi anamubereka kuti athamangire naye kuchipatala cha pa Boma, koma anapeza mtsinje utasefukira, mlatho palibe. Anakhala pagombe kudikira kuti madzi aphwe. Mwana anatsirizikira kumsana kwawo.

Mvula itatha, fodya ali m'zigafa, inafika nyengo ya misonkhano yachisankho. Phungu wathu anabwera pabwalo la sukulu ndi mdipiti wa magalimoto. Pamodzi naye panali mtolankhani wa kuwayilesi, wa malaya oyera bwino, atanyamula kachipangizo kojambulira mawu. Amayi a m'mudzi anali atagwirizana kale kuti owalankhulira akhale mayi anga, a Nambewe, chifukwa kutchalitchi ngakhale pamaliro ankadziwika kuti sapsatira mawu.

Ine ndinaima kutsogolo, fumbi likundilowa m'mphuno, ndipo amalume a Fabiano, amene anali ndi kagolosale pamphambano, anaima kumbuyo kwanga. Mayi anayamba monga amayambira munthu woleredwa bwino. Anapinda maondo nati, "Tikuthokoza bwana pobwera kudzationa. Inu ndinu bambo wathu, tilibenso wina." Kenaka anawongoka. Anafunsa kuti ndi bambo wanji amene ana ake amafera pagombe la mtsinje iye akudutsa pamisewu ya phula. Anatchula dzina la Yohane, natchulanso amayi oyembekezera amene anachirira pamalo omwewo. Phungu uja ankayang'ana nsapato zake, ndipo mtolankhani ankagwedeza mutu ngati wamva chisoni.

Mawa lake masana tinakhamukira kugolosale ya amalume, kumene kunali wayilesi yaikulu. Wowerenga nkhani anati anthu a ku Ntchisi alonjeza kuti ali pambuyo pa phungu wawo. Kenaka tinamva mawu a mayi, omveka bwino ngati ali pomwepo: akuthokoza bwana, akuti ndiye bambo wathu, tilibenso wina. Pamenepo panalira nthungululu, zimene tsiku lija zinaimbidwa nthawi ina, magalimoto akufika. Basi. Za mlatho panalibe, za Yohane panalibe.

Poyamba anthu anakwiya nafe limodzi. Koma wayilesi sinaleke. Mawu aja anawaika pakati pa ng'oma n'kumawaulutsa m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka ana kusukulu anayamba kundiimbira ndikamadutsa. Pang'ono ndi pang'ono mkwiyo wa anthu unatembenuka. Kuchitsime kunamveka zoti a Nambewe analandira chitenje ndi thumba la feteleza kuseri kwa kalasi. A kumidzi ya kutsidya, amene sanabwere kumsonkhano, ankafunsa kuti ndi mayi wamtundu wanji wothokoza manda a mwana wake asanamere udzu. Pakhonde la golosale abambo analeka kukamba za mtsinje. Ankatsutsana za zimene wayilesi yawapatsa tsiku limenelo, za akuluakulu a ku likulu amene anyozana, ngati kuti zimenezo ndi zimene zinkatipha.

Chimene chinandipweteka koposa ndi amalume. Tsiku lina ndinawamva akuuza ogula kuti mlongo wawo anafewa pamaso pa bwana. Ndinawakumbutsa kuti iwo anaima kumbuyo kwanga ndipo anamva zonse. Anandiyang'ana nati, "Iwe mwana, wayilesi yomveka dziko lonse inganame chifukwa cha mayi ako? Mwina zinazo analankhula motsitsa." Sankaseka. Munthu amene analipo, makutu ake ali bwinobwino, anakhulupirira bokosi kuposa zimene anamva yekha.

Ndinafika kunyumba ndikunena kuti ndikaphwanya wayilesi ija ndi mwala. Mayi anali kusenda mtedza pamkeka ndipo sanadzutse mutu. "Ukaphwanya chitsulo chabe," anatero. "Amene anadula mawu anga ndi munthu, ndipo anandiyang'ana m'maso. Ukamamva munthu akulankhula m'menemo, uzifunsa kuti wagwira lumo ndani."

Phungu uja anapambananso. Ambiri anamuvotera akunena kuti nanga titani, poti wayilesi ikuti aliyense ali komweko. Patapita zaka ndinazindikira kuti amene ankakumbukira zoona analipo ambiri ndithu, koma aliyense ankaganiza kuti watsala yekha, choncho anatseka pakamwa. Mayi sanadzalankhulenso pagulu. Amayi a kutchalitchi akawapempha, ankangoti mawu awo anatha. Anamwalira ali chomwecho.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndimagulitsa mbewu pa Chezi, ndipo mawayilesi achuluka. Achinyamata amandionetsa pafoni timakanema ta anthu akulankhula zandale, n'kumati taonani, wanena yekha ndi pakamwa pake. Inde, wanena yekha. Mayi anganso ananena okha, ndipo palibe liwu limodzi limene anawaonjezera. Ndi zimene ndikumvetsa tsopano: wofuna kutembenuza mudzi safunika kupeka bodza. Amangosankha poyambira ndi polekezera, n'kubwereza mpaka anthu atayamba kukayikira makutu awo.

Ena amandiuza kuti mtolankhani uja anali wantchito chabe, anachita zimene anatumidwa. Kaya. Ine ndikudziwa kuti anamva dzina la mwana wakufa, anabwerera nalo kutauni, nakhala pampando n'kulichotsa ndi dzanja lake. Nkhope yake ndinaiiwala, koma sindinamukhululukire.