Anandigwiritsa ketulo

Ndinali ndi zaka khumi, tisanakhalitse kwenikweni ku Manassas, tauni ya m'dziko la azungu limene tinasamukira, pamene aphunzitsi athu anayamba kutiphunzitsa momwe anthu a dziko lino anayambira kukana ulamuliro wa Angelezi nkhondo isanabuke. Anatiuza za misonkho yokhazikitsidwa ndi anthu okhala kutsidya kwa nyanja, ndi za azimayi amene analumbira kuti tiyi wa Angelezi sadzamulawanso. Potsiriza tinayenera kuchita sewero pamaso pa makolo, ndipo ine anandipatsa mawu a mayi wokana tiyi. Ndinkawaloweza paliponse, ndi kubafa komwe.

Amayi anga, amene ankagwira ntchito yosamala nkhalamba, atamva zimenezi nkhope inawala.

"Angelezi omwewa? Nanga ife sitinawakane? Agogo ako aakazi anagumula mizere imene atsamunda ankawakakamiza kuunda m'munda mwawo, mpaka anakagona m'chitokosi. Uvale ngati iwowo, azungu aone wokana Mngelezi mmene amaonekera."

Anandisitira chitenje chawo chatsopano ndi duku, n'kusinthana shifiti ndi mnzawo wa ku Lusaka kuti adzandionere.

M'mawa wa tsikulo holo inkanunkha polishi ndi khofi. Anzanga anali m'madiresi ataliatali ndi tizipewa toyera, ine ndinalowa monyadira, duku lili nji pamutu. Aphunzitsi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaomba m'manja.

"Waganiza bwino bwanji! Tinaiwala kuti m'nyumba zimenezi munkakhalanso akapolo."

Ndinafuna kufotokoza, koma Chingelezi chonse chinandithawa m'kamwa. Mawu anga anawapatsa mtsikana wina, ine anandigwiritsa ketulo. Ntchito yanga inali kuthira tiyi m'kapu, mtsikanayo n'kuikankha, n'kufuula kuti iye sadzakhala kapolo wa mfumu ya ku Mangalande. Holo yonse inaphulika ndi m'manja. Ine ndinali chiimire pambali pake, chigwiriro cha ketulo chikuterera ndi thukuta.

Ndinayang'ana komwe anakhala amayi. Ndinkawadziwa bwino: akamakalipira achimwene awo pa foni, ndi a nyumba yoyandikana omwe ankatsitsa wailesi. Ndinadikira kuti aimirire. Sanaimirire. Sewero litatha anapita kwa aphunzitsi aja, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja, mawondo atapinda pang'ono, n'kuwathokoza chifukwa chondipatsa mbali. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a pa nsanja paja.

Tili m'basi ndinawafunsa.

"Amayi, bwanji simunawauze?"

"Pukuta misozi iwe. Anthu akutiyang'ana."

Anatembenukira kuwindo mpaka tinatsika. Mkwiyo umenewo ndinakula nawo.

Ndinali nditafika ku sekondale pamene mnzawo wa ku Lusaka uja anandiuza zoona, tikutsuka mbale kutchalitchi. Chaka cha sewerolo mapepala a amayi owalola kukhala m'dziko lino anali atatha, ndipo m'dera lathu nkhani inali yoti apolisi azifunsa mapepala kwa amene akumukayikira. Amayi ankaopa chilichonse chokhala ndi ofesi. Kwa iwo, kukangana ndi mphunzitsi kunali kupereka dzina lawo kwa anthu amene akanatha kuwakweza ndege yowabweza kwathu, ine n'kutsala m'manja mwa boma. Kaya zikanachitikadi kaya ayi, iwo sakanayesa dala.

Aphunzitsi aja sindinawakhululukire, ndipo sindikhulupirira kuti anadziwa n'komwe kuti analakwa. Koma lero ndimamvetsa chimene sanatiphunzitse m'kalasi muja: kukana kumafuna malo oti munthu aponde akamukankha, ndipo amayi analibe. Tsiku limene lija anayenera kusankha pakati pa ulemu wanga ndi kupitiriza kukhala nane. Anasankha ine. Chimene chimandiwawa mpaka pano n'chakuti anawasankhitsa ndi anthu amene ankaombera ufulu m'manja.