Maliro Amene Ndinapeka Pampikisano wa Galimoto

Galimoto yanga ya mipando iwiri ndinaipanga ndekha kuseri kwa nyumba ku Kapondo, ndi injini ya pikapu yakale, malata owotcherera ndi penti yofiira. Tsiku la mpikisano pamsewu wa tala wopita kuboda, alamu anga anakhala pambali panga kuti azindiuza za makona.

Tinanyamuka bwino ndithu. Koma titafika potsetsereka, chiwongolero chinayamba kunjenjemera. Ndinasiya kuponda moto, anzathu onse n'kutipitirira. Tinafika omaliza, tikuyenda ngati tanyamula mazira.

Anthu atafunsa chimene chachitika, pakamwa panga panathamanga kuposa galimotoyo. "Panali masamba pamsewu," ndinatero. "Munthu sungathamange pamaliro."

Amayi ena anati ndinaleredwa bwino. Nkhaniyo inafika mpaka kutchalitchi, kumene anandiyamikira.

Masamba panalibe. Anali mantha basi.

Galimotoyo ndimaikondabe, ndipo Loweruka ndimayenda nayo mwachifatse, mtima uli m'malo. Alamu sanaululirepo munthu. Kungoti tikamadutsa potsetsereka paja, amavula chipewa n'kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi alamu, malemu anu aja anali a mudzi uti?"