Tsiku Limene Dziko Linaleka Kuzungulira Dzuwa

Kompyuta imodzi yokha imene sukulu yathu ya sekondale ku Lundazi inalandira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 inali ndi oifuna awiri: ine, mphunzitsi wa jogalafe, ndi ahedi. Ine ndinkafuna ikhale m'kalasi, ana aziigwira. Ahedi ankaifuna ku ofesi, izilemba makalata. Tinakokanakokana mpaka iwo anagamula.

"Aticha, pa tsiku la makolo muonetse kuti chinthu ichi chiphunzitsa. Mukakangiwa, chibwela ku ofesi. Nkhani yasila."

Ndinasankha kulemba pulogalamu yoonetsa dziko likuzungulira dzuwa. Mlangizi wanga anali buku lothothoka masamba lomwe linabwera m'katoni imodzi ndi makinawo. Bukulo linati m'pulogalamu mumaikidwa kawotchi kotchedwa taima, ndipo kakagunda, dziko lisunthe pang'ono n'kujambulidwanso. Zosavuta, ndinatero mumtima. Ndinadzinamiza.

Dziko linkasuntha ndithu, koma lakale silinkafufutika. Posakhalitsa dzuwa langa linali litavala mkanda wabuluu. Ndinalamula kuti taima ikagunda, sikirini yonse izifufutidwa kaye. Mkanda unachoka, koma chithunzi chinayamba kuphethiraphethira mpaka maso kutuluka misozi. Mlungu wathunthu ndinakalipira makina ngati mwana wosamva, ndipo aphunzitsi anzanga ankati ndakwatira mkazi wachiwiri wovuta. Kenako ndinapeza nzeru yojambulira chithunzi chonse pamalo obisika, chikatha n'kuchiika pa sikirini kamodzi. Dziko linayenda mosalala. Pakona ndinawonjezera manambala owerenga kugunda kwa taima, monga masiku a chaka. Pulogalamuyo ndinkaiyesa pa nthawi yopuma, mphindi khumi, belu n'kulira, ine n'kuthimitsa.

Tsiku linafika. Makolo anabwera pa njinga, ena kuchokera ku Magodi ndi ku Mphamba. Kwathu chinthu chatsopano sichionekera poyera chabe, chimaphimbidwa ndi chitenje kuti mlendo wolemekezeka achivundukule.

"Muyatsiletu," anatero ahedi, "kuti akachotsa chitenje apeze chiyenda kale."

Ndinayatsa, tinaphimba. Kenako pemphero. Kwaya. Wapampando wa makolo analankhula m'Chitumbuka, wina n'kumamasulira m'Chinyanja, ngakhale aliyense anali atamva kale. Ahedi anayambira mbiri ya sukulu pa njerwa yoyamba. Mlendo, mkulu wa ku ofesi ya maphunziro, ananena kuti "pomaliza" kanayi. Ine ndinangokhala tsonga, mtima uli m'malo, chifukwa ndinkadziwa kuti zanga zili bwino.

Mlendo anakoka chitenje, anthu anawomba m'manja. Dziko linali litaima. Pakati pa dzuwa panali kabokosi kotuwa ka Chingerezi konena kuti nambala yasefukira.

Bambo wina wovala chipewa, kholo la mwana wa m'kalasi langa, anandifunsa mokweza m'Chitumbuka, "Ŵasambizgi, kasi chafwa?"

"Sichinafe, bambo, dikilani pang'ono chabe!"

Anthu anaseka. Ndinathamangira pa makiyi kuti ndiyambitsenso pulogalamu, koma ahedi anali atamugwira kale mlendo pamkono kupita naye kukaona munda wa sukulu, ndipo khamu lonse linawatsatira. Pamene dziko linayambanso kuyenda, m'chipindamo munali mutatsala ine ndi mipando.

Chifukwa chake ndinachipeza m'buku lomwe lija madzulo a tsikulo. Mtundu wa nambala umene ndinasankha powerengera kugunda sungapitirire zikwi makumi atatu ndi ziwiri ndi kanthu. Pa liwiro la taima yanga, imeneyo inali theka la ola. Ndinayesa zonse kupatula kutalika kwa malankhulidwe athu, ine amene ndakhala pa misonkhano yotere chibadwire! Chofunika chinali kusintha liwu limodzi lokha m'pulogalamumo. Ndinapsa mtima ndi ahedi, ndi mlendo, ndi womasulira, koma makamaka ndi ine mwini.

Lolemba ndinapita kukafotokoza.

"Ahedi, vuto inali ing'ono. Nakonza kale."

"Tinagwilizana, aticha. Imwe munaona mweka."

Kompyutayo anaitenga tsiku lomwelo. Ana makumi anayi a kalasi langa la mayeso ndinali nditawalonjeza kuti aliyense adzakhala pamakinawo pulogalamu ikangotha, ndipo pofuna kuti isasokonezeke, ndinkawaletsa ngakhale kuyandikira. Anamaliza sukulu chaka chomwecho osakhudzapo kiyi ndi imodzi yomwe.